Backup ikuimira panjira: kodi ndikakamize mafayilo omwe akukana?

Funso: Akatswiri, ndili ndi kashopu kotayipa makalata, kusindikiza ndi kujambula zithunzi za ziphaso kuno ku Mangochi. Ntchito zonse za makasitomala zili m'kompyuta imodzi ya Windows 10. Ndinagula hard disk yakunja ya 1 TB yoti ndizisungiramo zinthu. Ndikatsegula C: n'kusankha zonse kuti ndikopere, zimayamba bwino koma pakati zimaima. Pena imalemba kuti "You need permission to perform this action", pena imati fayilo ili yotsegula mu pulogalamu ina. Mayina omwe amabwerabwera ndi pagefile.sys, NTUSER.DAT ndi System Volume Information. Ndinayesanso Backup and Restore ya mu Control Panel, nayonso yakanika ndi nambala 0x80070005. Mnzanga wina akuti ndi vayirasi, wina akuti ndilande umwini wa mafayilo onse ndi takeown kuti asiye kukana. Ndichite chiyani? Ndikuopa kutaya ntchito za anthu. Wowerenga wa ku Mangochi.

Yankho: Zikomo bambo polemba mwatsatanetsatane chonchi, makamaka potchula mayina a mafayilo ndi nambala ija, chifukwa ndi zimene zikuonetsa pomwe pagona vuto. Khazikani mtima pansi. Mayina atatu mwatchulawo si a vayirasi, ndi a Windows mwini wake, ndipo ali m'kompyuta iliyonse ya mtundu umenewo. Palibe chomwe chatayika mpaka pano. Chimene ndikupemphani musanapitirire kuwerenga n'chakuti malangizo a takeown aja muwasiye. Mwa zonse zomwe anzanu akuuzani, amenewo okha ndi omwe angakuonongereni kompyuta yomwe pakali pano ili bwinobwino.

Windows ikukukanani pa zifukwa ziwiri zosiyana, ngakhale pa sikirini zimaoneka ngati vuto limodzi. Choyamba ndi mafayilo omwe ali pantchito nthawi yonse imene kompyuta yayaka. Fayilo ya pagefile.sys ndi malo a pa disiki omwe Windows imatsanulirako zinthu RAM, malo omwe kompyuta imasungamo zomwe ikugwira panthawiyo, ikayamba kudzaza. Ili ndi anzake awiri pamalo omwewo, hiberfil.sys ndi swapfile.sys. Zomwe zili m'katimo zimasinthasintha, ndipo mawa lake zilibenso ntchito. Ngakhale mukanatha kuwakopera, mukanangodzaza ma GB angapo pa hard disk yanu ndi zinthu zomwe simudzazitsegula. Mapulogalamu a backup amawadumpha dala. NTUSER.DAT ndi yosiyanako pang'ono, chifukwa ndi momwe mumasungidwa makonda a akaunti yanu, monga printa yomwe mumagwiritsa ntchito ndi momwe munakonzera mapulogalamu. Mukangolowa ndi pasiwedi yanu, Windows imaigwira osaisiya mpaka mutatuluka. Kuikopera nthawi imeneyo kuli ngati kukopera kaundula wa ngongole mlembi akulembamobe: mukamafika tsamba lomaliza, loyamba lasintha kale. Windows imaona kuti kuli bwino kukana kusiyana ndi kukupatsani chinthu chosokonekera.

Chachiwiri ndi mafoda omwe inu simuli mwini wake, ngakhale kompyutayo munagula ndi ndalama zanu ndipo akaunti yanu ndi ya administrator. System Volume Information imasunga ma restore point, omwe amathandiza kubwezera Windows mmene inalili tsiku lina m'mbuyo, ndipo ndi akaunti ya m'kati mwa Windows yotchedwa SYSTEM yomwe imaloledwa kulowamo. Mafayilo ambiri a mu C:\Windows ndi Program Files mwini wake ndi TrustedInstaller, dongosolo lomwe linabwera ndi Windows Vista pofuna kuti vayirasi kapena munthu wolakwitsa asasinthe mafayilo oyendetsa kompyuta. Palinso zina zomwe zimaoneka ngati mafoda koma si mafoda: Documents and Settings, Application Data, Local Settings, My Documents. Ndi zolozera chabe, zomwe anazisiya kuti mapulogalamu akale a nthawi ya Windows XP asasochere. Mukadinapo zimati "Access is denied", ndipo n'momwe ziyenera kukhalira.

Poti mukuona pagefile.sys ndi maso, ndiye kuti wina anachotsa chizindikiro chobisa mafayilo amenewa. Pitani ku File Explorer, View, Options, kenako View kachiwiri, mubwezeretse chizindikiro pa "Hide protected operating system files". M'shopu momwe anthu angapo amagwira kompyuta imodzi, mafayilo amenewa kuli bwino asamaoneke n'komwe.

Tsono za takeown. Lamulo limeneli lilipodi, ndipo ife amisiri timaligwiritsa ntchito pa foda imodzi, monga tikachotsa disiki m'kompyuta yakufa n'kufuna kutsegula Documents za mwini wake. Koma kuliyendetsa pa C: yonse ndi nkhani ina. Mukalanda umwini kwa TrustedInstaller, ma update amatha kuyamba kukanika, mapulogalamu ochokera ku Microsoft Store n'kusiya kutseguka, nthawi zina ngakhale Start menu kuuma. Ndipo palibe batani lobwezera zonse mwakale. Makompyuta otere akafika pathebulo langa, kawirikawiri mankhwala ake amakhala kuika Windows yatsopano basi. Palinso msampha wina womwe ambiri saudziwa. Cholozera cha Application Data cha m'kati mwa AppData\Local chimaloza ku foda yomwe chilimo. Loko wake akachotsedwa, pulogalamu yokopera imalowamo, n'kupezanso Application Data, n'kulowanso, mozungulirazungulira, kukopera zinthu zomwezomwezo mpaka njira itatalika kwambiri kapena malo atatha. Choipitsitsa n'chakuti mutachita zonsezo pagefile.sys ndi NTUSER.DAT zikanabe, chifukwa vuto lawo si umwini, ndi lakuti zili pantchito.

Pali china chimene ndikufuna muchimvetse, chifukwa chikusintha funso lonse. Ngakhale fayilo iliyonse ya pa C: ikanalola kukopedwa, zomwe mukanakhala nazo pa hard disk yakunja sizikanayatsa kompyuta. Windows imayambira pa tizigawo tating'ono ta disiki tomwe simutiona mu File Explorer, ndipo mapulogalamu ngati Word, CorelDRAW kapena Photoshop sagwira ntchito pongokopera foda yake. Ndiye muyenera kusankha chomwe mukufuna kuteteza. Ntchito za makasitomala ndi chinthu chimodzi, kompyuta yonse ndi mapulogalamu ake ndi chinthu china, ndipo chilichonse chili ndi njira yake. Kwa inu choyamba ndicho chachangu. Windows imaikidwanso tsiku limodzi, koma CV ya munthu yomwe munatayipa chaka chatha kapena zithunzi za ukwati wa eni ake, zikapita zapita.

Lero lomwe chitani ichi. Tsekani mapulogalamu onse, lowani mu C:\Users, tsegulani foda ya dzina la akaunti yanu, mukopere Desktop, Documents, Pictures, Downloads ndi Videos, imodziimodzi, osati foda yonse ya akauntiyo pakamodzi. Mukatero NTUSER.DAT ndi zolozera zija simukumana nazo. Ngati muli ndi D: kapena mafoda omwe munapanga nokha pa C:, akopereninso. Kenako ganizirani zinthu zomwe zimabisala. Pa ntchito yanu yosindikiza, mafonti ndi chuma: khadi la ukwati lomwe munalikonza bwino likatsegulidwa pa kompyuta yopanda fonti yake, zilembo zonse zimasokonekera. Amakhala mu C:\Windows\Fonts, ndipo ena omwe anaikidwa pa akaunti imodzi yokha amakhala mu AppData\Local\Microsoft\Windows\Fonts. Ngati mumagwiritsa ntchito Outlook, mafayilo a .pst, momwe mumasungidwa maimelo, amakana kukopedwa Outlook ili yotsegula, ndiye itsekeni kaye. Pulogalamu iliyonse yowerengera ndalama yomwe muli nayo, fufuzani batani lake la backup m'kati mwake momwemo.

Kukopera pamanja kumatopetsa, ndipo chotopetsa munthu amachisiya pakapita milungu iwiri. Njira yosavuta yoti zizichitika zokha ndi File History, yomwe ilipo kuyambira pa Windows 8. Pa Windows 10 ili ku Settings, Update & Security, Backup, kenako "Add a drive". Imasunga mafoda anu okha, osakhudza mafayilo a Windows, komanso imasunga mmene fayilo inalili kale, moti wantchito akalemba pamwamba pa kalata ya kasitomala mutha kubwerera ku ya dzulo.

Ine ndimakonda robocopy, yomwe imabwera kale ndi Windows, chifukwa imasiya lipoti la chilichonse chomwe chachitika. Tiyerekeze kuti akaunti yanu ndi Shopu ndipo hard disk yakunja ndi E:. Mu Command Prompt, zenera la Windows lolembamo malamulo, mungalembe chonchi:

robocopy "C:\Users\Shopu" "E:\Backup\Shopu" /E /XJ /XD AppData /XF ntuser* /R:1 /W:1 /LOG:E:\lipoti.txt

Apa /E akutenga mafoda onse a m'kati, /XJ akudumpha zolozera zija, /XD ndi /XF akusiya AppData ndi mafayilo a ntuser. Koma musaiwale /R:1 /W:1. Popanda zimenezi, robocopy ikakumana ndi fayilo yokana imayesanso ka 1,000,000, n'kumadikira masekondi 30 pakati pa kuyesa kulikonse. Anthu ambiri amasiya kompyuta usiku wonse, m'mawa n'kupeza idakali pa fayilo imodzi. Ikamaliza tsegulani lipoti.txt, pansi penipeni pali mzere wa FAILED, muone ngati pali fayilo yanu yomwe yatsala. Poti AppData yasiyidwa, mafonti aja muwakopere padera. Mukaona malangizo ena pa intaneti akuti muonjezere /MIR, samalani kwambiri: amafufuta ku hard disk yakunja chilichonse chomwe kulibenso ku kompyuta, ndiye fayilo yomwe yafufutidwa mwangozi Lolemba imafufutikanso mu backup Lachiwiri.

Tibwere ku nambala ija ya 0x80070005. Tanthauzo lake ndi lomwelija lakuti mwakanizidwa kulowa. Chodabwitsa n'chakuti Backup and Restore siyenera kuvutika ndi mafayilo otsegula, chifukwa imagwiritsa ntchito Volume Shadow Copy Service, mwachidule VSS. Imeneyi imauza mapulogalamu kuti aime kaye kulemba kwa masekondi ochepa, n'kusunga mmene disiki ilili panthawiyo, ndipo backup imakopera kuchokera pamenepo inu mukupitiriza ntchito. Ndi njira yoyenera yotengera NTUSER.DAT ndi anzake Windows ili chiyakire. Ikakanika, pali china chikuitchinga, ndipo ndingakulangizeni kuyamba ndi zapafupi.

Onani kaye hard disk yakunjayo. Dinani kumanja pa chilembo chake, Properties, muone pa File system. Backup ya kompyuta yonse imafuna disiki yokonzedwa mwa mtundu wotchedwa NTFS. Ma disiki ena amabwera ali exFAT, ena FAT32, ndipo FAT32 silandira fayilo yoposa 4 GB, kotero ngakhale vidiyo imodzi ya mwambo wa chinkhoswe ikhoza kukana. Kusintha kukhala NTFS ndi format kumafufuta zonse zili pamenepo, ndiye samutsani kaye zomwe mwakopera kale. Ngati disikiyo inagwirapo ntchito pa kompyuta ina, pakhoza kukhala foda yakale ya WindowsImageBackup yokhala ndi umwini wa kompyuta inayo. Isintheni dzina, musaifufute, muyesenso. Onetsetsaninso kuti mwalowa ndi akaunti ya administrator.

Kenako antivirus. Makompyuta ambiri a m'mashopu ndimawapeza ali ndi awiri kapena atatu, wina woti anatha ntchito kalekale koma akadali m'katimo kutchinga zinthu. Siyani mmodzi. Poyesa, chotsani intaneti ndi ma flash onse, muimitse antivirus kwa kanthawi, muyambitse backup, ikatha muyatsenso. Mu Windows Security mulinso chitetezo chotchedwa Controlled folder access, pansi pa Virus & threat protection, chomwe chinabwera mu 2017. Chimaletsa mapulogalamu osadziwika kulemba m'mafoda otetezedwa, ndipo chimatha kutchinga mapulogalamu a backup ochokera kwina. Musachizimitse, ingolowetsani pulogalamuyo pa mndandanda wa zololedwa.

Zikapanda kutheka, yang'anani VSS yeniyeniyo. Lembani services.msc pa Start, mupeze Volume Shadow Copy ndi Microsoft Software Shadow Copy Provider. Zonse ziwiri zikhale pa Manual. Pali timapulogalamu tomwe timalonjeza kufulumizitsa kompyuta n'kumazimitsa zinthu ngati zimenezi, ndipo ine sinditikhulupirira n'pang'ono pomwe. Tsegulani Command Prompt ngati administrator mulembe vssadmin list writers. Pamzere uliwonse payenera kulembedwa Stable ndi No error. Pakakhala Failed, yambitsaninso kompyuta ndi Restart, osati Shut down, chifukwa pa Windows 10 Shut down nthawi zambiri sizimitsa zonse kotheratu. Kawirikawiri zimakonzeka pomwepo. Zikakanikabe, sfc /scannow imafufuza ndi kukonza mafayilo a Windows omwe aonongeka, ndipo ikalephera, DISM /Online /Cleanup-Image /RestoreHealth imakatenga abwino pa intaneti, ndiye mukhale ndi bandulo yokwanira. Mukadzaona nambala ina ya 0x80780119, dziwani kuti kagawo kakang'ono kobisika ka disiki kadzaza ndipo VSS ikusowa malo. Kameneko musakagwire nokha.

Ndikuuzeninso moona kuti Microsoft yomwe inasiya kutukula gawo la Backup and Restore lokopera kompyuta yonse, lotchedwa system image, ndipo imalangiza anthu kugwiritsa ntchito mapulogalamu ena. Sindingakulimbikitseni kutaya masiku mukulimbana nalo. Veeam Agent for Microsoft Windows ili ndi mtundu waulere womwe umagwira bwino ntchito imeneyi. Clonezilla nayonso ndi yaulere, ndipo imayambira pa flash Windows ili chigonere, kotero palibe fayilo yomwe imakhala yotsegula. Koma Clonezilla imakufunsani disiki yochokera ndi yopitako ndi mayina achilendo, ndipo mukasemphanitsa mumafufuta zomwe mumafuna kusunga. Koyamba muchite ndi munthu woidziwa.

Pali mauthenga ena omwe amaimitsa backup mofananamo koma nkhani yake ndi yoopsa, ndipo ndikufuna muziwazindikira. Mukaona "Data error" yotchula cyclic redundancy check, kapena 0x80070017, kapena "I/O device error" ya 0x8007045D, limenelo si loko wa Windows, ndi kulephera kuwerenga kapena kulemba pa disiki. Nthawi zina ndi chingwe chabe kapena khomo la USB lakutsogolo lomwe silipereka mphamvu yokwanira, ndiye yesani chingwe china ndi khomo lakumbuyo. Koma zikamachitika pa mafayilo anuanu omwewo nthawi zonse, kompyuta n'kumauma, kapena mukumva kaphokoso kogogoda m'kati, disiki ikufa. Zikatero musayendetse chkdsk /r poyamba, chifukwa imaikakamiza disiki yodwalayo kuwerenga malo onse kwa maola ambiri ndipo itha kuimalizitsa. Koperani zofunika kwambiri kaye, pang'onopang'ono, kenako izimitseni mupite nayo kwa mmisiri. Kuzimazima kwa magetsi kumathandizira kwambiri mavuto otere, makamaka akazima disiki ikulemba. Ngati kompyuta yanu ndi ya patebulo yopanda batire, UPS, kabokosi ka batire kopitiriza kupereka mphamvu magetsi akazima, ngakhale yaing'ono ndi yofunika kuposa zambiri zomwe timagulira shopu.

Onaninso ngati pa chizindikiro cha C: pali kaloko. Ngati kalipo, BitLocker, chitetezo chotseka zonse za pa disiki ndi kiyi, ndi yoyatsa, ndipo muyenera kukhala ndi kiyi wake wa manambala 48, wolembedwa papepala ndi kusungidwa kunyumba. Disiki yotere ikachotsedwa m'kompyuta, palibe mmisiri angaitsegule popanda kiyiyo.

Mnzanu wa vayirasi uja sanalondole pa mafayilo awa, koma nkhawa yake si yachabe. Shopu ngati yanu imalandira ma flash a anthu tsiku lonse. Zizindikiro zenizeni ndi izi: mafoda a pa flash kusanduka ma shortcut, kapena mafayilo anu kusintha mayina n'kukana kutseguka, pambali pake pali kakalata kofuna ndalama. Vayirasi ya mtundu wachiwiriwu imaononga ndi hard disk yakunja yomwe ngati ili yolumikizidwa, n'chifukwa chake backup ikatha muziichotsa n'kuisunga kwina, makamaka kunyumba osati m'dirowa ya m'shopu momwemo, poti wakuba kapena moto sizisankha. Dziwaninso kuti Microsoft inasiya kupereka ma update aulere a nthawi zonse a Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndiye nkhani yosamukira ku Windows 11 kapena kompyuta ina muiike m'mapulani.

Mukamaliza kukopera, tengani hard disk ija mukailumikize pa kompyuta ina, mutsegule makalata angapo, zithunzi, ndi fayilo imodzi yaikulu. Yerekezaninso kuchuluka kwa mafayilo mbali zonse ziwiri pa Properties. Ndakumana ndi anthu omwe ankaganiza kuti ali ndi backup, tsiku la tsoka n'kupeza muli ma shortcut okhaokha omwe anakokera kuchokera pa Desktop.

Pitani kwa mmisiri ngati mwaona mauthenga a disiki yodwala aja, ngati vssadmin ikulembabe Failed mutayesa zonsezi, ngati sfc yanena kuti yapeza zoonongeka zomwe yalephera kukonza, kapena ngati wina anayendetsa kale takeown pa C: inu musanandilembere. Jambulani uthengawo ndi foni mupite nawo, pamodzi ndi lipoti.txt ngati mwagwiritsa ntchito robocopy. Muuzeni poyambirira kuti asachite format musanatsegule nokha mafayilo a mu backup pa kompyuta ina. Ndipo poti m'kompyutamo muli zithunzi za ziphaso, makalata ndi ma CV a anthu ena, pemphani kuti ntchitoyo aigwire inu muli pomwepo, ndipo chilichonse chomwe wakopera pa disiki yake achifufute inu mukuona.